Musabise #N/A ndi 0, ndalama zimasowera pamenepo

Masabata apitawa anthu angapo aponya muno zithunzi za shiti yawo ya Excel itadzaza ndi #N/A, akufunsa chochita. Yankho limene akupatsidwa kawirikawiri ndi limodzi: "Kutirani fomulayo ndi IFERROR, ikani 0 kumapeto, zitha." Zimathadi, shiti imayera. Koma ife malangizo amenewa sitikugwirizana nawo, ndipo tafuna tifotokoze bwinobwino chifukwa chake. Nkhaniyi ndi yaitali, muisunge mudzawerenge muli pa mzere pa Nyamapanda.

Ndife amalonda angapo a ku Mazowe ndi ku Bindura kuno ku Zimbabwe. Timasonkherana za thiransipoti n'kukatenga usipa, mpunga wa Kilombero, nyemba, tiyi ndi zitenje ku Malawi. Njira ndi yomweyo mukuidziwa: Mwanza, Zobue, Tete, Cuchamano, Nyamapanda mpaka Harare, kenako kukwera msewu wodutsa pa damu la Mazowe ndi Glendale kukafika ku Bindura. Pobwerera kumudzi timanyamula Mazoe ndi tina n'tina. Makasitomala athu ambiri ndi eni timaokala ta pafupi ndi migodi, ku Jumbo, Shamva, Freda Rebecca ndi Trojan. Kumeneku kuli a Banda ndi a Phiri ochuluka amene agogo awo anabwera kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu kalekale, ndipo mpaka lero pakamwa pawo pamafuna usipa wa kunyanja. Katundu wambiri amapita pa ngongole, chifukwa wa okala amadikira makorokoza, ndipo makorokoza amalipira mwala ukalipira. Onjezani kuti timaoda ndi kwacha, panjira timawononga metical, timagulitsa ndi dola ya America ndi ZiG. Kope la hadikava pamenepa linatopa, n'chifukwa chake tonse tinalowa mu Excel ndi Google Sheets, ambiri pafoni.

Kwa amene angoyamba kumene, VLOOKUP ili ngati mwana amene mwamutuma kuti akaone mtengo pa mndandanda. Muli ndi tsamba la MITENGO, pamene kolamu A ndi khodi ya katundu, B ndi dzina, C ndi mtengo wogulitsira. Muli ndi tsamba lina la MALONDA, pamene mumalemba khodi mu A ndi kuchuluka kwa zimene zapita mu B. Ndiye mu C mumalemba:

=VLOOKUP(A2,MITENGO!$A$2:$C$200,3,FALSE)

Tanthauzo lake ndi lakuti: tenga chimene chili mu A2, ukachifunefune mu kolamu yoyamba ya tebulo la mitengo, ukachipeza ubweretse za mu kolamu yachitatu, ndipo usabweretse chofanana nacho pang'ono, koma chenichenicho. Mwanayo akapita n'kusapeza kanthu, amabwera n'kunena kuti palibe. Mawu ake ndi #N/A. Imeneyi si nthenda ya foni kapena ya laputopu. Fomula yagwira ntchito yake, ndipo ikukuuzani kuti pali katundu amene watuluka koma mtengo wake sukudziwika, kapena munthu amene watenga ngongole koma m'buku la makasitomala mulibe dzina lake. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Chimene chimakwiyitsa anthu tikuchimvetsa. Kabokosi kamodzi kakakhala ndi #N/A, SUM ya pansi nayonso imasanduka #N/A, ndiye simungaone chiwerengero chonse cha tsikulo. Munthu watopa, magetsi apita, batire yatsala pang'ono, akufuna kungodziwa kuti lero wapha zingati. Wina akamuuza kuti IFERROR ndi 0 ichotsa zonsezo, amalandira ndi manja awiri. Koma taonani chimene mwachita. Mwamuuza mwana uja kuti, ukapanda kupeza mtengo usandiuze, uzingonena kuti katunduyo ndi waulere. Matumba 6 kuchulukitsa ndi 0 ndi 0. SUM iwonkhetsa mosangalala, nambala yooneka bwino ituluka pansi, ndipo palibe chizindikiro chilichonse chakuti matumba 6 aja sanawerengedwe. Komanso IFERROR simeza #N/A yokha. Imameza cholakwika cha mtundu uliwonse, ngakhale fomula itathyoka chifukwa wina wafufuta kolamu.

Izi tinaziona ndi maso kwa mayi wina amene timanyamula naye katundu thiraki imodzi. Shiti yawo anawakonzera ndi mnyamata wina wa pa shopu yosindikiza mapepala m'tauni. Mnyamatayo ankafuna kuti ntchito yake ioneke yaukhondo, ndiye fomula iliyonse anaikutira ndi IFERROR ndi 0. Ulendo wina mayiwo anaoda mtundu watsopano wa zitenje, mabelo awiri, n'kuwalemba pa tsamba la katundu wofika, koma pa tsamba la mitengo mtunduwo munalibe. Atawonkhetsa mtengo wa katundu yense amene anatsika, unachepa kwambiri poyerekeza ndi ndalama zimene anasiya ku Limbe. Maganizo anathamangira kuti? Kwa dalaivala. Thiraki inali itagona masiku awiri ku Tete, ndiye nkhani inapangika yokha yakuti achimwene atsitsa katundu panjira. Mawu anatuluka, ena owawa, pamaso pa anthu. Dalaivalayo ndi munthu amene watinyamulira zaka, anangoti, "Amayi, werengani mabelo anu." Iwo anayankha kuti kompyuta sinama.

Patapita masiku, mlongo wawo ndi amene analowa m'chipinda chosungira katundu n'kuwerenga ndi manja. Mabelo onse analipo, awiri aja ali pakona osamasula n'komwe. Pa shiti analiponso, koma kutsogolo kwake kunali 0. Mayiwo anapepesa, koma dalaivala uja mpaka lero katundu wawo sanyamula, ndipo ife tonse tinavutika kumunyengerera kuti asatitaye limodzi. Pakanakhala #N/A pa mzere umenewo, nkhani ikanathera pa mphindi ziwiri.

Tsono chimene timachita ife ndi ichi. M'malo mwa IFERROR timagwiritsa ntchito IFNA, imene imagwira #N/A yokha n'kusiya zolakwika zina zioneke, ndipo m'malo mwa 0 timaika mawu:

=IFNA(VLOOKUP(A2,MITENGO!$A$2:$C$200,3,FALSE),"PALIBE")

Pa kolamu yochulukitsa timalemba =IF(ISNUMBER(C2),B2*C2,"PALIBE"). SUM imadumpha mawu, ndiye chiwerengero cha pansi chimatuluka bwinobwino. Koma kuti chisatinamize, pamwamba penipeni pa tsamba, pambali pa chiwerengerocho, timaika kabokosi kowerenga kuti ma PALIBE alipo angati: =COUNTIF(C:C,"PALIBE"). Kabokosi kameneka musakaike mu kolamu C momwemo, kangadziwerenge kokha. Timakapaka kofiira. Lamulo lathu ndi lakuti kakapanda kuonetsa 0, chiwerengero cha pansi sitichitchula kwa munthu aliyense, kaya ndi mnzathu wogawana naye phindu, kaya dalaivala, kaya wa kunyumba. IFNA ili mu Google Sheets ndi mu Excel kuyambira ya 2013. Ngati laputopu yanu ili ndi Excel yakale kuposa pamenepo, IFERROR ndi "PALIBE" ndi bwinoko kusiyana ndi IFERROR ndi 0.

Ndiye PALIBE waoneka, koma inu mukuona ndi maso anu kuti katunduyo pa mndandanda alipo. Apa ndi pamene anthu amataya mtima. Nthawi zambiri wolakwa ndi sipesi. Kiyibodi ya foni, mukasankha liwu limene yakupatsani pamwamba, imaika yokha sipesi kumapeto. Kwa inu "usipa" ndi "usipa " n'chimodzimodzi, kwa Excel ndi zinthu ziwiri. Kuti mutsimikize, lembani =LEN(A2) pambali, iwerenga zilembo. Ikati 6 pamene inu mukuona zilembo 5, mwamugwira. TRIM imachotsa masipesi a kumayambiriro ndi kumapeto, koma kumbukirani kuti kuika TRIM(A2) mu fomula kumayeretsa mbali imodzi yokha. Ngati sipesiyo ili pa tsamba la mitengo, muyenera kukaichotsa komweko. Palinso sipesi ina youma mutu imene imabwera mukakopera zinthu pa intaneti kapena pa sitetimenti. Imeneyo TRIM siyiona, imachoka ndi =SUBSTITUTE(A2,CHAR(160),""). Za zilembo zazikulu ndi zazing'ono musade nkhawa, VLOOKUP sisiyanitsa USIPA ndi usipa.

Kuno kwathu palinso vuto limene anzathu a ku Lilongwe sangaliganizire. Pa okala pamakhala mwana wobadwira ku Chipadze kapena ku Chiwaridzo, Chichewa amamva koma amalemba Chishona. Inu pa mitengo munalemba mtedza, iye alemba nzungu. Inu nyemba, iye bhinzi. Inu mpunga, iye mupunga, kusiyana kwa chilembo chimodzi. Usipa ndiye aulemba matemba, pamene matemba kwa ife ndi nsomba ina ya mtengo winanso. Palibe fomula imene ingamasulire zilankhulo. Mankhwala ake ndi kusiya kufufuza ndi mayina. Katundu aliyense timamupatsa khodi yaifupi: US01 usipa, NY01 nyemba, MP05 mpunga wa 5kg, MP25 wa 25kg, MZ02 Mazoe wa malita awiri. Kenako pa tsamba la malonda timaika kamndandanda kosankhapo, kamene mu Excel ndi mu Sheets mumakapeza pa Data validation, kuti munthu asamalembe ndi zala koma azingodina. Chiyambireni zimenezi ma PALIBE athu ambiri ndi a katundu watsopano basi.

Mwaona kuti khodi zathu zonse zimayamba ndi chilembo. Si mwangozi. Excel imasiyanitsa nambala ndi mawu ooneka ngati nambala, ndipo 0 wa kumayambiriro imamudya. Amene mumasunga tebulo la ma HS code pokonzekera za pa boda, makamaka inu a STR ya COMESA, mvetserani apa. Nsomba zouma zili pa mutu wa 0305, nyemba zouma pa 0713. Mukalemba 0305 m'kabokosi wamba, Excel isandutsa 305. Tebulo limene munakopera lili ndi 0305 ngati mawu, ndiye ziwirizi sizikumana. Mpunga pa 1006 ndi mtedza pa 1202 alibe 0 kutsogolo, koma nawonso amakana ngati mbali ina ili mawu, ina nambala. Kuzindikira kwake n'kosavuta: mawu amatsamira kumanzere kwa kabokosi, nambala imatsamira kumanja, ndipo Excel nthawi zambiri imaika kachizindikiro kobiriwira pakona. Musanalembe, sinthani kolamu yonse ikhale Text mbali zonse ziwiri, kapena yambani ndi kachizindikiro aka ' kenako 0305. N'chimodzimodzi manambala a foni, kaya 077 ya Econet, 099 ya Airtel kapena 088 ya TNM. Amene mumafufuza ngongole ndi nambala ya foni, onani ngati 0 sanadyedwe. Ndipo samalani, TRIM imasandutsa nambala kukhala mawu, ndiye pofuna kuchiza sipesi mutha kuyambitsa nthenda inayi. Khodi yoyamba ndi chilembo imakupulumutsani ku zonsezi. Za kuchuluka kwa msonkho, shiti ndi yongokonzekera, mawu omaliza ndi a ZIMRA ndi MRA.

China ndi zizindikiro za dola zija mu $A$2:$C$200. Sizikutanthauza ndalama, ndi misomali yokhomera tebulo kuti lisasunthe. Mukaziiwala n'kukokera fomula pansi, tebulo limatsetsereka limodzi nayo: mzere wachiwiri ufufuza kuyambira A2, wachitatu kuyambira A3, ndipo pofika pa mzere wa 40 katundu yense wa pamwamba pa mndandanda watuluka kunja. Chizindikiro chake ndi chakuti mizere yoyambirira imayenda bwino, #N/A n'kumachuluka mukamatsika. Komanso mndandanda ukakula kupyola mzere wa 200, wa pa 201 sadzapezeka. Ena amangolemba A:C kuti atenge makolamu athunthu, ndipo pa shiti ya geni ngati yathu palibe vuto.

Zonse tanenazi ndi zolakwika zofuula, ndipo ife sitiziopa kwenikweni. Zimene zimadya mpamba ndi zija zosalankhula, pamene fomula yabweretsa nambala yooneka bwino koma yabodza.

Yoyamba ndi kusiya FALSE kumapeto. Anthu ambiri amalemba fomula n'kuthera pa 3, poganiza kuti gawo lachinayi ndi lokongoletsa chabe. Mukalisiya, Excel imatenga ngati mwalemba TRUE, kutanthauza kuti ikapanda kupeza chenicheni ibweretse chapafupi cha m'munsi mwake. Tiyerekeze kuti mwabwera ndi mpunga wa 25kg koyamba, ndipo MP25 simunaiike pa mitengo. Ndi FALSE mukanaona PALIBE. Popanda FALSE, fomula ipita pa MP05 n'kubweretsa mtengo wa thumba la 5kg. Inu mwini mukanadabwa, koma mphwanu amene mwamusiya pa okala, kapena invoisi imene yapita pa WhatsApp kwa kasitomala wa ku Shamva, ikhulupirira shiti. Thumba la 25kg lalembedwa m'ngongole pa mtengo wa 5kg, ndipo kasitomala sadzakukumbutsani. Izi ndi pamene mndandanda wasanjidwa bwino motsatira zilembo. Ukakhala wosasanjidwa, TRUE imatola mtengo wa chinthu chosagwirizana n'komwe, tiyi kulandira mtengo wa chitenje. Tsegulani shiti yanu lero, dinani pa VLOOKUP iliyonse, muone ngati ikuthera ndi FALSE kapena 0. Ziwirizi ndi chimodzi pamalo amenewo.

Yachiwiri ndi khodi yolembedwa kawiri. VLOOKUP imatenga yoyamba imene yakumana nayo kuchokera pamwamba, n'kusiya kufufuza. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, kuchoka cha pa K1,180 kufika pa K1,700 pa dola pa reti ya banki, mitengo yoodera inasintha paliponse. Ambiri m'malo mosintha mtengo pa mzere wakale anawonjezera mzere watsopano pansi. Mtengo watsopano unalipodi pa shiti, koma fomula inkatolabe wakale wa pamwamba. Pa makasitomala ndiye n'zoopsa kuposa. Ku Bindura mukalemba "Phiri" pa buku la ngongole mwalemba theka la komboni. Ngongole ya Phiri wachiwiri ndi wachitatu idzaoneka ngati ya woyamba, ndipo mudzakangana ndi munthu amene analipira kale. Kasitomala aliyense akhale ndi khodi yake, K001, K002, ndipo pambali pa mndandanda ikani =COUNTIF(A:A,A2). Paliponse pamene patuluka nambala yoposa 1 pali mapasa.

Yachitatu inagwira anthu ambiri kuno mu April 2024, ZiG itabwera. Aliyense anafuna kolamu ya mtengo wa ZiG, ndipo ambiri anailowetsa pakati, pambuyo pa dzina la katundu. Tebulo mu fomula limafutukuka lokha kukhala A mpaka D, koma 3 uja sasintha. Amangowerenga makolamu: woyamba, wachiwiri, wachitatu. Ndiye m'malo mwa mtengo wa dola ankabweretsa wa ZiG. Imeneyo inali yosavuta kuigwira, chifukwa pa reti yoyambira ya 13.56 chinthu cha $10 chinkaoneka 135.60, aliyense ankadzidzimuka. Koma taganizani mutalowetsa pamalo omwewo kolamu ya mtengo woodera. Chinthu chogulitsa $10 chiyamba kuoneka $8. Palibe amene adzidzimuke, ndipo mwezi wonse mugulitsa pa mtengo umene munagulira. Kolamu yatsopano muziika kumapeto kumanja. Kapena siyani kuwerenga makolamu n'kugwiritsa ntchito iyi:

=INDEX(MITENGO!$C$2:$C$200,MATCH(A2,MITENGO!$A$2:$A$200,0))

Imaoneka yoopsa koma imanena zomwezo, kusiyana kwake n'kwakuti yaloza kolamu ya mtengo mwachindunji, ndiye kolamuyo ikasuntha fomula imaitsatira. Amene muli ndi Google Sheets, Excel 2021 kapena Microsoft 365 muli ndi XLOOKUP, imene imafufuza chenicheni popanda kuiuza, ndipo ili ndi malo ake a uthenga: =XLOOKUP(A2,MITENGO!A:A,MITENGO!C:C,"PALIBE"). Ndi yabwino, koma ganizirani amene muwatumizire fayeloyo. Excel 2016 ndi 2019 XLOOKUP siziidziwa, mnzanu akangoyesa kusintha kanthu aona #NAME?. Ife pa shiti imene timagawana tinakhazikika pa INDEX ndi MATCH pa chifukwa chimenechi, poti malaputopu ambiri a kuno ndi akaunjika.

Musatimve ngati tikuti TRUE ndi woipa paliponse. Pali malo amodzi pamene timamufunadi, pa tebulo la reti. Timalemba deti mu A ndi reti imene tinasinthira tsikulo mu B, kuyambira deti yakale kutsika mpaka yatsopano. Sitisintha ndalama tsiku lililonse, ndiye malonda a Lamlungu ayenera kutenga reti yomaliza ya m'mbuyo mwake. =VLOOKUP(A2,RETI!$A$2:$B$400,2,TRUE) imachita ndendende zimenezo. Kufunika kwake kunaoneka pa 27 September 2024, pamene reti ya boma ya ZiG inadumpha tsiku limodzi kuchoka cha pa 14 kufika cha pa 24 pa dola. Amene anali ndi kabokosi kamodzi ka reti ka shiti yonse, atakasintha, malonda onse a miyezi ya m'mbuyo anawerengedwanso pa reti yatsopano, mbiri yonse n'kusokonekera. Amene anali ndi tebulo la madeti anangowonjezera mzere umodzi. Koma tebulo limeneli likhale losanjidwa nthawi zonse. Deti imodzi ikalowa pamalo olakwika, fomula sidandaula, imangotola reti ina.

Madeti nawo ali ndi msampha wake. Foni kapena laputopu ikakhala pa kalembedwe ka ku America, imayamba ndi mwezi. Mukalemba 05/04/2024 kutanthauza 5 April, iyo imva 4 May, osanena kanthu. Mukalemba 27/09/2024, poti kulibe mwezi wa 27, imangoisiya ngati mawu otsamira kumanzere, ndipo fomula ya reti ibweretsa #N/A. Apanso onani kuti yofuulayo ndi imene ikukuthandizani, chifukwa ndi imene ingakudziwitseni kuti madeti ena onse a pakati pa 1 ndi 12 atembenuzidwa. Mu Google Sheets, pa kompyuta, lowani pa File kenako Settings musinthe Locale ikhale United Kingdom. Kapena zolowerani kulemba 2024-09-27, kuyamba ndi chaka.

Zina zija n'zachidule. #REF! ndiye kuti mwapempha kolamu yachinayi pa tebulo la makolamu atatu, kapena wina wafufuta chimene fomula inkaloza. #VALUE! kawirikawiri ndi munthu amene walemba "25usd" kapena "matumba 3" m'kabokosi ka nambala. Nambala izikhala yokha, mtundu wa ndalama ukhale mu kolamu yake. #NAME? ndi dzina la fomula lolembedwa molakwika. Fomula ikamakanidwa ngakhale mwakopera ndendende, mwina laputopu yanu inachokera ku Joni kapena ku Mozambique, kumene makompyuta ambiri amafuna ; pamalo pa koma. Ndipo anzathu a ku Tete ndi ku Moatize amene muli ndi Excel ya Chipwitikizi, VLOOKUP kwanu ndi PROCV, #N/A ndi #N/D, nkhani ndi yomweyi.

Wina angati izi ndi za ife osaphunzira. Ayi ndithu. Mu October 2020 bungwe la zaumoyo la Public Health England linapeza kuti anthu 15,841 amene anapezeka ndi Covid-19 sanalowe m'chiwerengero pa nthawi yake. Ankasonkhanitsa zotsatira m'fayelo ya Excel ya mtundu wakale wa XLS, umene umathera pa mizere 65,536, ndipo zopyola pamenepo zinkangotsala osawerengedwa. Sinali VLOOKUP, koma mtundu wa ngozi ndi womwewo: chiwerengero cha pansi chinkaoneka bwino. Ngati zinachitikira a ku London okhala ndi akatswiri, kuli bwanji shiti yodinidwa ndi chala chimodzi mu kombi ya ku Glendale.

Achimwene a mathiraki, mwina mukuti izi si zanu poti inu shiti simusunga. Koma mayina anu ali m'mashiti a anthu ena. Amalonda ambiri ndi maofesi a thiransipoti amafufuza ulendo, ndalama ya panjira ndi malipiro anu pogwiritsa ntchito nambala ya galimoto. Wina alemba ABC 1234, wina ABC1234, wina ABC-1234, wina alemba ya ngolo m'malo mwa ya hosi. Ngati fomula yake ndi yokutira ndi 0, ulendo wanu wonse wa ku Blantyre ukhoza kuoneka kuti sunachitike. Munthu akakuuzani kuti kompyuta ikuonetsa kuti katundu waperewera kapena kuti ndalama yanu ndi yochepa, musayambe ndi mkangano. Mupempheni mwaulemu akuonetseni mizere, osati chiwerengero cha pansi chokha. Yang'anani mzere uliwonse umene kuchuluka kwa katundu kulipo koma mtengo uli 0 kapena mulibe kanthu. Dinani pamenepo muone ngati fomula ikuyamba ndi IFERROR. Ndipo pokweza ndi potsitsa, werengani mabelo ndi matumba pamodzi ndi mwini wake, mulembe papepala, musaine nonse, mujambule ndi foni. Pepala limenelo ndi limene shiti iyenera kugwirizana nalo.

Ife tisanagawane phindu la ulendo uliwonse timayesa shiti motere, ndipo sizitenga mphindi zisanu. Pa mzere wopanda kanthu timalemba khodi yabodza, ZZ99, n'kuika kuchuluka 1. Pakatuluka #N/A, kapena pakatuluka PALIBE ndipo kabokosi kofiira kasintha kukhala 1, shiti ili maso. Pakatuluka 0 kapena mtengo uliwonse, timaimitsa zogawana mpaka fomula itakonzedwa. Kenako timasankha mizere itatu mwachisawawa, umodzi pamwamba, wina pakati, wina pansi penipeni, n'kuyerekeza mtengo wake ndi wa pa tsamba la MITENGO ndi maso. Amene shiti yanu anakukonzerani ndi munthu wina, yesani ZZ99 madzulo ano, ndipo chimene chituluke muponye chithunzi chake muno, mutabisa mayina ndi manambala a makasitomala anu.